Mkaka wa a Elestina

Msonkhano unali utafika poti aliyense akulankhula, wina osamva mnzake. Alimi a mkaka makumi anayi anadzazana pakhonde la nyumba ya thanki yoziziritsira mkaka, kumunsi kwa Ndunde, zigubu zopanda kanthu zili m'miyendo. Anthu omwewa chaka chatha analephera kugwirizana mtengo wa thumba la madeya. Lero aliyense anali woweruza, ndipo kutalika kwa siketi ya mnzake ankakudziwa kuposa khola lake lomwe.

Mlandu unali wa Doreen, mayi wa ana awiri amene mwamuna wake anapita ku Joni osatumizanso ndi moni yemwe. Iye anakadandaula kukomiti kuti Vitalis, woyeza mkaka, anamugwira m'chiuno kuseri kwa thanki, n'kumuuza kuti akapitiriza kuuma mutu mkaka wake uzibwerera kunyumba. Doreen anakana, ndipo mkaka unayambadi kubwerera, masiku asanu ndi anayi otsatizana.

Vitalis anati zonsezo n'zopeka, mkakawo unali wothira madzi. Ntchito yake ndi yomweyo. Amaviika kachipangizo kagalasi m'chigubu, ndipo kakamira kwambiri ndiye kuti muli madzi. Amawerenga yekha m'katimo, ena onse ali pamzere panja. Tsiku limeneli anakhala pampando, malaya osita bwino, manja pamaondo, nkhope ngati ya dikoni tsiku la mgonero.

Lamulo la gulu linali lodziwika: wothira madzi n'kunamiziranso wantchito amachotsedwa, ndipo ng'ombe imene analandira kugulu imapita kukhola lina. Doreen anali ndi ng'ombe imodzi yomweyo. Ana ake ankadya, kuvala ndi kupita kusukulu chifukwa cha mawere anayi a ng'ombeyo.

"Mboni ilipo?" anafunsa a Flywell, wapampando, kachitatu konse.

"Wochita zoterezi amayamba waitana mboni?" anayankha mayi wina kumbuyo. Amuna anamukuwiza mpaka anakhala pansi. Wina anati masiku ano kupatsa moni mkazi ndi mlandu. Wina anati zonsezi ndi zapawailesi, zaphunzitsa akazi mwano. Wachitatu, amene mudzi wonse umadziwa kuti akazi awiri anamuthawa, anafotokoza mofatsa mmene mkazi wabwino amayendera.

Kenaka anaimirira a Elestina, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, munthu woti akatsokomola anthu amasiya kutafuna. Anamanga chitenje mwamphamvu, n'kuyang'ana Doreen kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

"Anthuni, tisanamizane pano. Mkazi wodzilemekeza, mwamuna amamuopa. Iwe Doreen, ngati anakugwiradi, unakuwa? Iyayi. Mawa lake unabweranso? Unabwera. Ndiye ukufuna tikulirire chiyani? Wagwidwa ndi madzi, basi wayamba kuipitsa mwana wa eni ake. Munthu azisenza katundu wake yekha."

Doreen anatsegula pakamwa, koma a Elestina anali asanathe.

"Zaka zitatu, mkaka wakwathu sunabwererepo ngakhale tsiku limodzi. Funsani m'buku. Mwana wanga Rejoice uyu, wazaka twente, ndi amene amabweretsa m'mawa uliwonse, atavala ngati munthu. Mwamvapo chiyani za iye? Palibe. Chifukwa ndinamulera. Bwanji iweyo wekha, m'gulu lonseli?"

M'manja munalira. Rejoice, amene anakhala pansi pafupi ndi mapazi a amayi ake, anapitiriza kukanda chivindikiro cha chigubu ndi chikhadabo. Amayi ena anagwedeza mitu ngati amva ulaliki. Zinali zochititsa manyazi kuona mmene anapepukidwira mtima: mawu amene amuna ankawazungulira kuyambira m'mawa anali atanenedwa ndi mkazi, ndiye palibenso akanawatcha nkhanza.

A Flywell anati onse ofuna kuti Doreen achotsedwe akweze manja. Loyamba kukwera linali la a Elestina, lowongoka ngati la mwana wodziwa yankho m'kalasi. Ena anayamba ayang'ana uku ndi uku, kenaka n'kukweza. Anawerenga kawiri. Manja makumi awiri ndi atatu.

"Ng'ombe tidzatenga Loweruka," anatero a Flywell, akutseka buku. "Tipemphere."

Anapemphera ndithu, mpaka kuthokoza Mulungu chifukwa cha mtendere wa m'gulu. Doreen sanatsinzine. Pa ameni anatola chigubu chake n'kutsika pakhonde, anthu akumupatukira ngati ali ndi mphere. Palibe anamuperekeza, ngakhale mayi wakumbuyo uja.

Vitalis anadzuka, nadzagwira dzanja la a Elestina ndi manja awiri, bondo litapinda pang'ono.

"Amake Rejoice, mwandiombola. Amayi ngati inu asowa masiku ano."

"Choonadi sichifuna loya, mwanawe," anayankha iwo, chifuwa chili patsogolo.

Khonde litayamba kuchepa anthu, a Elestina anakankha chigubu ndi phazi kuti mwana wawo anyamule. "Tiye. Mawa ulawire, usakhale kumapeto kwa mzere."

Rejoice sanachigwire. Anaimirira, nayang'ana amayi ake m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Mawa mubweretse nokha, amayi."

"Wati chiyani?"

Mtsikanayo analankhula motsitsa, kuti amve awiri okha.

"Makapu atatu a madzi amene mumathira m'mawa uliwonse aja, mumayesa kachipangizo sikawaona? Kamamira mpaka pansi, amayi. Zaka zitatu zonsezi, kuseri kwa thanki ndimapitako ndine."