Digiri ya M'khitchini

"Digiri ya pa intaneti? Imeneyonso n'digiri?" anafunsa Mayi Chikaonda, akuseka mpaka kugwira tebulo.

Amayi onse amene anali paphwando la Amalawi okhala kunja, mumzinda wa South Bend, Loweruka limenelo anatembenukira kwa Atupele. Iye anali nesi pachipatala china ku Indianapolis, ndipo anali atangoulula kuti wayamba kumalizitsa digiri ya unesi pa kompyuta, poti kuntchito kwake ankangokweza okhawo a digiri.

"Ife unesi tinauphunzirira pabedi la wodwala, zaka 22 tsopano," anapitiriza mayiwo. "Inu mukuphunzirira m'khitchini, mutavala zogonera. Jakisoninso muzidzabaya pa imelo?"

Anthu anafa nako kuseka. Atupele anadiraiva maola atatu kubwerera kunyumba kwake ku Beech Grove, pafupi ndi Indianapolis, mtima ukuwawa, atatsimikiza zoisiya sukuluyo.

Lolemba m'mawa anatsegula kompyuta kuti alembe kalata yotsanzika. Anapeza kuti aphunzitsi agawa ophunzira awiriawiri kuti alembere limodzi asainimenti. Dzina la mnzake linali "E. Chikaonda, South Bend".

Akadali kukamwa yasa, foni inalira.

"Atupele mwanawe," anatero Mayi Chikaonda, mawu ali pansipansi, "za Loweruka zija zinali nthabwala chabe. Usauze munthu, wamva?"

"Ndamva, mayi."

"Chabwino. Tsono tandiuza, kuti asainimenti ipite kwa aphunzitsi umadina pati? Ya sabata yatha ija ine ndinaitumiza kwa abusa."