Gitala la a Twalibu

"Chala chapakati apo, mayi. Ayi, apo. Dinikizani."

Nsambo inalira mosasa ngati tambala wachitopa. Hamilton anapumira m'mwamba. Zaka zonsezi akuimba gitala kutchalitchi ku Elsburg kuno ku Joni anali asanaphunzitsepo munthu, ndiye tsoka lake, woyamba kumuphunzitsa n'kukhala mayi ameneyu, wa zala zouma gwa ndi sopo wochapira zovala za mabwana.

Mayiyo anati dzina lake ndi Sabra, kwawo ku Mangochi. Anafika masana, Hamilton atangodzuka kumene pochokera ku ulonda ku Jet Park. Gitala anali atalikulunga m'chitenje ngati khanda. Mumkhukhu, kanyumba kamalata ka Hamilton, anakana kulowamo. Anakhala pakireti panja, mphepo ya Juni ikumuwaza fumbi la dera la zisakasa la Makause m'maso, kumutu mpango wakuda, m'makutu mopanda ndolo. Pempho lake linali limodzi lokha: pofika Lachisanu akhale atadziwa kuimba.

Lachisanu! Hamilton anaseka mpaka kutsokomola. Gitala si mandasi oti wakazinga lero wadya lero. Koma mayiyo sanaseke nawo. Anatulutsa foni, pagalasi pake pali chithunzi cha mtsikana wovala yunifolomu, n'kumumvetsera kanyimbo kojambula. Munalibe mawu, gitala lokhalokha, makiyi atatu ozungulirazungulira. Woimbayo anali wa dzanja lolemera, ndipo akafika pa kiyi yachiwiri nsambo yam'munsi inkachita phokoso ngati ntchentche m'botolo. Anati oimbawo ndi amuna ake, a Twalibu. Chifukwa cha chibwibwi, pafoni sankakonda kulankhula. Zawo zonse ankanenera pagitala.

Hamilton anafunsa kumene kuli eni ake gitalawo. Mayiyo anangoyang'ana pansi n'kukonza mpango.

Basitu, Hamilton anaimvetsa nkhani yonse. Akanakhala maliro akanamva, pakuti Mmalawi akatisiya kuno ku Joni mbale ya msonkhamsonkha imayenda khomo ndi khomo kuti papezeke tirela yonyamula thupi kupita kumudzi. Mwezi uno mbale sinadutse. Ndiye kuti mkuluyo anathawira kwa chiphadzuwa china ku Tembisa, monga achitira amuna ambiri akaona magetsi a ku Joni, mpaka kuiwala ndi gitala lomwe. Tsono mayi wosaukayu akuyesa kuti akamuimbira kanyimbo kake komwe, mwamuna abwerera. Zinamumvetsa chisoni Hamilton, koma chimene chinatuluka pakamwa pake ndi ukali.

Anamuuza kuti zikhadabo n'zazitali. Mayiyo anaziluma ndi mano pomwepo n'kulavulira kumbali. Anamuuza kuti dzanja lamanja lisaume ngati akupala poto, lifewe. Anayesa. Kiyi yoyamba inatuluka mwa apo ndi apo, koma kuti achoke pamenepo kupita pa yachiwiri, zala zinkasokonekera ngati mbuzi zolimbirana pakhomo la khola. Nsambozo zinali zadzimbiri, ndipo dzuwa lisanapendeke nsonga za zala zake zinali zitatuluka matuza. Foni inalira kawiri pamwendo pake. Anaiyang'ana, n'kuitembenuza chafufumimba.

Pofuna kumuonetsa kuti gitala lili ndi eni ake, Hamilton analitenga n'kuimba kanyimbo kaja. Phokoso lija analipeza gwero lake msanga: a Twalibu sankadinikiza mokwanira chala chapakati. Iye anadinikiza bwinobwino, nyimbo inatuluka yoyera mbee, mpaka mayi wogulitsa mapazi a nkhuku kutsidya kwa ngalande anatembenuka.

Sabra anapukusa mutu. "Si choncho. Mwakonza."

Ha, kukonza kwasandukanso mlandu? Hamilton anamva kuwawa mumtima. Anati chabwino, ngati akufuna zolakwikazo, iye aimba molakwitsa dala, ajambule pafoni, akatumize kumene akufunako, aliyense akapume. Mayiyo analanda gitalalo n'kulikumbatira.

"Tchimo ili ndi langa, achimwene. Sindingasenzetse munthu wina."

Ehe, si izo! Ndiye kuti wolakwa m'banjamo ndi iyeyu. Hamilton anamubwezera zala pansambo, n'kumawerenga ndi phazi. Anabwereza, anabwerezanso. Mphepo inakula, malata a mkhukhu n'kumalira. Kenaka thuza la chala chapakati linaphulika, kadontho ka magazi n'kutsetsereka pansambo. Mayiyo anapukutira pachitenje, osadandaula, n'kubwezera chalacho pabala pomwepo.

Apa Hamilton zinamukwana. Anali ataona maukwati ambiri akufera mu Makause muno, ndipo sanaonepo umodzi wodzutsidwa ndi nyimbo.

"Mayi, ndikuuzeni chilungamo, ngakhale chiwawe. Lachisanu simudzakhala mutadziwa. Ndipo mwamuna amene wachoka sabwerera chifukwa cha gitala. Mukudzipweteka chabe."

Sabra anamuyang'ana m'maso koyamba chifikire. Maso ake anali ouma, ngati a munthu amene misozi inamuthera kale.

"Ndikudziwa kuti sabwerera. Anawabaya kunjanji akuchokera kuntchito. Ife Asilamu sitidikira tirela, anawaika konkuno m'mawa mwake." Anatembenuza foni ija, chithunzi cha mtsikana uja n'kuonekera. "Mwana wathu Zuleikha ali mkati molemba mayeso a Fomu 4. Kumudzi onse akumubisira mpaka amalize. Lachisanu lililonse amadikira gitala la bambo ake pafoni. Sabata yatha ndinamutumizira yakale, anaizindikira."

Anakhazika gitala pamwendo, chala chamagazi chija pansambo yam'munsi.

"Ndionetseninso pamene ankalakwitsa paja."