Anthu Asanu Operewera

"Taperewera ndi anthu asanu okha, a Rusk," anatero Mayi Teague, mlembi wa boma lawo, zotsatira za kalembera zitatuluka. "Boma likapanda kukwana anthu zikwi khumi, mkulu wa polisi amatoleranso misonkho, malipiro n'kutsika."

"Ine kutolera misonkho? Awerengenso."

"Awerenge ndani? Achinyamata onse ali kumzinda wa Dallas."

Delbert Rusk, mkulu wa polisiyo, anasuzumira pawindo. Kutsidya kwa msewu, pomwe panali zisakasa za aganyu a m'minda ya thonje, panamera udzu wokhawokha. Anawathamangitsa yekha chisankho cha mkulu wa polisi chitayandikira, tauni yonse ikumuombera m'manja.

"Kodi aja analipo angati?"

"Makumi anayi, ndi makanda omwe," anayankha mayiwo. "Munawawerenga nokha powakweza m'lole."