Kiyi wa Wamtali

Wachete anapachika jekete pampando, n'kutsegula windo lakuda lolembamo malamulo pakompyuta. Analemba liwu lake la m'mawa uliwonse: moni. Kenako, mtima uli m'mwamba, anasuzumira m'kaundula wa olowa.

Analimo. Kiyi wa Wamtali, 8:05.

Wamtali anali atagona kumanda miyezi inayi.

Ofesi yawo inkasamala mapulojekiti asanu ndi awiri pa makina akutali otchedwa mtambo. Aliyense anali ndi makiyi ake, ndipo usanalowe m'pulojekiti unkayenera kusankha kiyi woyenera. Tsiku lake loyamba, Wachete anasokoneza zonsezi mpaka misozi kulengeza. Wamtali ndiye anakoka mpando, n'kumulembera kalamulo kakafupi koyendera mapulojekiti onse kamodzi, kuona ngati ali bwino.

"Muzingolemba moni, mlongo. Zinazo siyirani ine."

Wachete anamukonda kuyambira pomwepo, zaka ziwiri zathunthu, osamuuza.

Za kaundulayo sanauzenso munthu. Loweruka ndi Lamlungu kiyiyo sankaoneka. Sabata imene Wachete anagona ndi chimfine, sanaonekenso. Apa ndipo anatsimikiza: malemuwo amabwerera iye. Anayamba kupukuta fumbi padesiki la Wamtali lopanda munthu lija. Nthawi zina, chitseko chikalira, tsitsi linkamuima koma osatembenuka.

Lachitatu abwana anaima kumbuyo kwake.

"Mayi, kiyi wa malemu akulowera muno, mu ofesi momwemuno. Chikhalirecho kompyuta yawo ndinaikhomera m'kabati ndekha. Kaya ndi mbava, kaya ndi mzukwa, koma wosunga nthawi chonchi sindinamuone. Amoyonu mumandichedwera. Mufufute kiyiyo lero."

"Tikanadikira kaye, bwana..."

"Tidikire atilowere m'mapulojekiti onse? Fufutani ndikuona."

Lamulo lofufutira linali mzere umodzi wokha. Wachete analilemba. Makina anafunsa ngati watsimikiza. Anayang'ana desiki lija, kapu yothyoka chogwirira idakali pomwe mwini wake anaisiya. Chamumtima ananena mawu amene anawasunga zaka ziwiri, n'kudina.

Lachinayi mu ofesi munali zii, ngati m'nyumba yosamukidwa. Anatsegula kaye kaundula. Munalibe kanthu. Anadikira, maso ali pawotchi yapakhoma, mpaka 8:05 inakwana n'kudutsa. Palibe anabwera.

Anapukuta m'maso. Ntchito ndi ntchito. Analemba moni.

Makina anayankha ndi mzere wofiira, wonena kuti kiyi amene lamuloli limalowera wafufutidwa. Pansi pake panali dzina la mwini kiyiyo.

Wamtali anali atamangirira kiyi wake m'kalamulo kaja tsiku loyamba lija. Amene ankalowa m'mawa uliwonse m'dzina la malemu, zala zake zinali zikadali pakompyuta.