Dothi la Mkamwa mwa Chiswe

Padangokhala, chaka chimene mvula inakana kubwera, ana asukulu a m'tchire ankakumana madzulo aliwonse pachulu, pansi pa mtengo wa bwemba, kukambirana za kusintha kwa nyengo. Wapampando anali Pumbwa, mbalame yosatopa pakamwa. Lamulo lake linali limodzi: wosalankhula achoke.

Chiswe sankalankhula. Ankangodutsa, dothi lili kukamwa.

"Achimwene," anatero Pumbwa tsiku lina, "mitengo ikuuma, anzanu tikuswa mitu, inu muli duu! Perekani maganizo, apo ayi musabwerenso."

Chiswe anatula dothi lija pamapazi pa Pumbwa. Linali lonyowa.

"Mwalitenga kuti, nthaka yonse ili gwaa chonchi?"

"Pansi penipeni, pomwe pali madzi. Ine ndi abale anga timalimata kumizu ya mtengo uno."

Pumbwa anakweza maso. Tchire lonse linali mbuu, koma mtengo wokhawo unali biriwiri, ndipo mikangano yawo yonse ankachitira mumthunzi wake.

Madzulo amenewo wapampando sanatsegule zokambirana. Anangofunsa motsitsa mawu, "Achimwene, kodi mlomo ngati wangawu unganyamule dothi lochuluka bwanji?"