Kanyanga ka Basilio

Panali munthu wina ku Lunho, dzina lake Basilio, m'masiku amene Kampani ya Nyasa inkalamulira dziko. Akuluakulu a kumeneko amachitira umboni kuti nkhaniyi ndi yoona.

Basilio anali woluka maukonde. Dzino lake lina lakutsogolo linamera ndi kanyanga kumbuyo, kosongoka ngati chikhadabo cha nkhwazi. Sikankapweteka. Poluka, anzake akamafunafuna mpeni, iye ankangoluma chingwe n'kuduka. Koma akayasamula kankaonekera, ndipo anzakewo anamutcha Mbedza.

Mtima wake unali pa Yudita, mwana wa aSilasi. Malume a Basilio anali atakafunsira kale, ndipo yankho linkayembekezeka pakatha masiku khumi. Chinkamuvuta chinali chimodzi. Akangotsegula pakamwa kuti aimbe m'tchalitchi, Yudita ankamuyang'ana mano, n'kudziphimba pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka.

"Akuseka dzino langa," anatero Basilio mumtima. "Andikana."

Anapita kwa azakhali ake aBenedita, amene ankatsuka mabala kuchipatala cha mishoni.

"Mwana wanga, mkati mwa kanyangako muli mtsempha," anatero azakhali. "Odziwa amakapala pang'ono, n'kudikira miyezi, n'kupalanso. Chaka chimatha."

"Azakhali, ine ndili ndi masiku khumi."

"Nanga mtsikanayo wamufunsa chimene amaseka?"

"Mwamuna safunsa zoterozo."

"Ndiye mwamunayo asiye dzino likhale."

Basilio anathokoza mwaulemu, mawuwo n'kuwasiya pakhomo pomwepo.

Tsiku lachitatu kunafika chombo cha malonda. Munatsika mlendo wogulitsa mchere ndi mikanda, dzina lake Muhidini, amene ankadzitama kuti amasemanso mano. Basilio anamuitanira kuseri kwa bwato, n'kuyasamula.

"Kameneka, achimwene?" anatero Muhidini. "Ndinachotsapo titatu m'kamwa mwa msilikali wa Kampani, fodya wake asanazime."

"Azakhali akuti muli mtsempha."

"Azakhaliwo anafikako ku Kilwa, mzinda wa kunyanja yamchere?"

Basilio anavomera kuti sanafikeko. Muhidini anamulumitsa kamtengo, n'kutulutsa tupa imene ankanolera nkhwangwa. Poyamba zinkangonyerenyetsa. Tupa itafika pa mtsempha, Basilio anakuwa, moti akhwangwala onse anathawa pa thandala la usipa, amayi oyanika n'kumuthokoza.

"Kupwetekako ndiye kuchira," anatero Muhidini, akupukuta tupa pa mkanjo. Dzuwa lisanapendeke, chombo chinali chitakweza tanga.

M'mawa mwake Basilio atamwa madzi ozizira, anangopezeka atagwada pamchenga, odutsa n'kumati mnyamatayu wakula pa mapemphero. Mlomo unatupa ngati wa mlamba. Dzino linada. Pomaliza linazulidwa kuchipatala, azakhali atamugwira mutu. Sanamudzudzule. Anangomufunsa ngati mchere anagulako.

Tsiku la yankho, mapemphero atatha, Yudita anamupeza pansi pa mtengo wa mango. Anamuyang'ana pakamwa, koma ulendo uno sanaseke.

"ABasilio, dzino lija lili kuti?"

"Ndachotsa, chifukwa cha inu. Kanyanga kaja kanali konyansa, ndikudziwa. Simudzachitanso nane manyazi."

"Konyansa?"

"Ngati ka chilombo."

Yudita anatsitsa nsalu yake pang'onopang'ono, n'kukweza mutu, n'kuyasamula. Kumbuyo kwa dzino lake lakutsogolo kunali kanyanga, kokulirapo kuposa ka Basilio.

"Kuyambira ndili mwana ndimaseka chobisa," anatero. "Nditaona kanu ndinakondwa. Ndinati uyu yekha ndiye ndidzaseka naye nsalu ili pansi. Bambo ndinawauza kuti avomere."

"Ndiye avomeretu."

"Ayi. Munthu amene wachita chotere ndi dzino lake, langa adzalitani? Ndingadzadzuke tsiku lina n'kupeza mwandiimirira ndi tupa."

Madzulo a tsikulo aSilasi anatumiza yankho kwa malume, ndipo linali lalifupi. Chaka chotsatira Yudita anakwatiwa ndi msodzi wina wa ku Meluluca, ndipo paukwatipo anaseka wosaphimba pakamwa. Basilio anabwerera ku maukonde ake, tsopano akubwereka mpeni. Anzake anasiya kumutcha Mbedza. Anayamba kumutcha Chipata.

Phunziro: Munthu akakuseka, yamba wafunsa chimene akuseka usanagwire tupa. Dzino lomera ndi kanyanga si chilema ayi. Likakuvuta, pita kwa odziwa za mano, osati kwa mlendo amene chombo chake chinyamuka lero. Tumizirani abale anu nkhaniyi, makamaka amene akufunsira.