Amayi Amoyo pa Chikwangwani cha Mabokosi

Panali munthu wina wojambula zithunzi, anthu ankangomutchula kuti Diso. Situdiyo yake inali kachipinda kamodzi pakati pa telala ndi wometa tsitsi, koma matama ake akanadzaza bwalo la mpira. Nkhaniyi ndi yoona, ine bodza ndinasiya ndisanamere mano.

Tsiku lina kunabwera wogulitsa nyama wotchedwa Chimkono. Munthu ameneyu ng'ombe sankaipha ndi mpeni ayi, ankangoiwomba khofi n'kuyamba kusenda.

"Achimwene, mayi anga akwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu. Mukawajambule kunyumba. Zithunzizo ndi za pakhoma panga, osati za dziko lonse. Tamvana?"

"Tamvana, bwana."

Diso anapita. Mayiwo anavala diresi yoyera n'kukhala pampando wandalema. Diso ali mkati mokonza magetsi ake, tulo tinawaba, manja ali pachifuwa, kukamwa kukumwetulira. Diso anajambula. Kenako anawadzutsa n'kujambula zina zitatu. Zoyang'anazo anapereka kwa Chimkono. Chogonacho anasunga m'kompyuta, monga ankachitira ndi zithunzi za kasitomala aliyense.

Patatha mwezi kunabwera bambo wina wa suti yakuda, wolankhula motsitsa mawu.

"Ndikufuna nkhope ya munthu wachikulire, yooneka yamtendere. N'zotsatsira malonda."

Diso sanafunse kuti malonda anji. Anangotsegula kompyuta, bamboyo n'kuloza mayi ogona aja. Mkazi wa Diso, amene ankadula zithunzi pathebulo, anakokera mwamuna wake kuseri kwa katani.

"Bambo a ana, chithunzicho anachita kukutumani eni ake. Kawapempheni kaye."

"Iwe, kamera ndi ya ndani? Chimkono anagula mapepala atatu, luso langa sanagule."

"Nanga nkhopeyo ndi ya amayi anu?"

"Zamalamulo ungazidziwe iwe?"

"Malamulo sindiwadziwa, koma mkono wa munthu uja ndinauona."

Diso anaseka n'kugulitsa chithunzicho, popanda ngakhale kapepala.

Lolemba m'mawa pamphambano panaima chikwangwani chachikulu ngati khoma la fakitale. Pamenepo panali mayi a Chimkono, maso ali chitsekere, maluwa atawazungulira, pansi pake mawu akuti MABOKOSI ATHU, TULO TABWINO. Bambo wa suti uja anali wokhoma mabokosi a maliro.

Dzuwa lisanafike pamutu, abale anali atadzaza pageti pa nyumba ya mayiwo akulira. Polowa anapeza malemuwo akusesa pakhonde. Azakhali ena, munthu woyendera ndodo, analumpha mpanda osaukhudza. Mayiwo atamva nkhani yonse anaitanitsa Chimkono kuntchito kwake, anakhala pansi n'kuyamba kulira.

"Mwana wanga, ndakutopetsa? Wandiika m'manda ndikupuma?"

Chimkono sanavule n'epuloni yomwe, anatuluka magazi a ng'ombe ali m'manja. Anayambira kwa wamabokosi. Anamunyamula ngati mwana wa mbuzi, kumuponya m'bokosi lake lomwe, n'kukhalira chivundikiro.

"Wakupatsa ndani mayi anga?"

"Ndi Diso, akulu! Anati chithunzicho n'chake! Tsegulani, mpweya watha!"

Ku situdiyo Chimkono sanagogode. Chitseko chinalowa mkati pamodzi ndi felemu lake. Kasitomala amene ankajambulitsa chithunzi cha chiphaso anatulukira pawindo, nsapato kuzisiya pomwepo.

"Bwana, tikambirane," anatero Diso. "Mwalamulo wojambula ndiye mwini..."

Khofi la Chimkono linamveka misewu itatu. Mano anayi anauluka, limodzi telala analipeza Lachinayi m'thumba la jekete limene ankasoka. Chimkono anamugwira pakhosi, kumumenyetsa kukhoma, kumutola, kumumenyetsanso. Magetsi ojambulira anawathyolera pamsana pake. Kompyuta anamuveka kumutu ngati chipewa. Magazi anathimbirira pansalu yoyera imene anthu ankaimapo pojambulitsa.

"Ndinati za pakhoma panga! Ndinatero kapena sindinatero?"

"Munatero, bwana!"

"Dzanja limene linajambula mayi anga ali mtulo ndi liti?"

Diso anabisa dzanja lamanja kukhwapa. Mkazi wake anagwada n'kugwira miyendo ya Chimkono.

"Achimwene, muthyoleni mwendo, dzanjalo ndi limene tikudyera!"

Chimkono anamukankhira pambali. Anayala dzanjalo pathebulo lodulirapo zithunzi, monga amayalira nthiti pachipika, n'kutenga kamera ija m'malo mwa hamala. Anamenya kamodzi. Anamenyanso. Kachitatu kamera ndi zala zinaphwanyikira limodzi. Wometa tsitsi atamva kulira kwa mafupa anakomoka, lumo lili m'manja.

Apolisi anabwera asanu ndi mmodzi, n'kuitanitsa ena asanu ndi mmodzi. Unyolo unakana kukwana pamkono, mpaka anamumanga ndi chingwe chokokera galimoto. Chimkono anakagwira ndende, ndipo anayenera, chifukwa munthu si ng'ombe. Chikwangwani chinatsitsidwa tsiku lomwelo. Wamabokosi anauza khoti kuti Diso anamutsimikizira kuti eni ake avomera, ndipo Diso analibe pepala lililonse lomutsutsira.

Diso anagona m'chipatala miyezi itatu. Dzanja linapola, koma lopindika ngati mbedza. Atatuluka anabwereka kamera kuti ayese ndi lamanzere. Anakhala pakhomo la situdiyo sabata yathunthu, osalowa ngakhale ntchentche. Tsiku lomaliza mayi wina anaima ndi mwana wake wamkazi, anayang'ana Diso, n'kukoka mwanayo.

"Tiye, angakuike pabokosi."

Lero chipinda chija muli wogulitsa mazira. Diso amakhala pakhonde kunyumba, ndipo zingwe za nsapato amamumangira mkazi wake.

Phunziro: Munthu akakutuma kumujambula, kamera ndi yako koma nkhope ndi yake. Usanagulitse kapena kufalitsa chithunzi chake, kapemphe, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe papepala. Nawenso wolakwiridwa, pita kukhoti, usaweruze ndi zibakera. Tumizirani ojambula onse amene mukuwadziwa, zala zawo zikadali khumi.